Nkhuku Zinayi Zimene Chitopa Chinazisiya

Chitopa chinalowa mu Chinengundu, dera la m'tauni ya Chegutu, mwezi wa Ogasiti, chaka chija m'masitolo munatsala mashelefu okhaokha. Chinayambira kwa Loyce, nyumba ya pafupi ndi ngalande, kenako n'kumakwera khomo ndi khomo ngati chikuwerenga manambala a nyumba. Nkhuku inkadzuka bwinobwino, masana yapinda khosi ikuzungulirazungulira ngati chidakwa, dzuwa lisanalowe miyendo ili m'mwamba. Pomatha masabata awiri mzere wonse unali zii, wopanda tambala wolira.

Kupatula kuseri kwa nyumba ya a Obadiya. Kumeneko kunali kachipinda ka malata komwe ankakhala Enesi, mayi wamasiye amene anthu ankamuitana kuti Mai Chenai. Pambali pa kachipindako panali khola la waya wadzimbiri ndi matumba a feteleza, ndipo m'kholamo munali nkhuku zathadzi zitatu ndi tambala mmodzi. Zonse zinayi zinali gwa. Zinkadya, zinkapalasa, zinkaikira, ndipo tambalayo ankalira m'mawa uliwonse mopanda manyazi, anthu akukwirira zawo.

Nkhukuzo sizinali zogula pamsika. Make wa make wa zonsezo anatuluka pa pulazi zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo ali m'khwapa mwa Enesi, mlomo womangidwa ndi kansalu, atafunditsidwa chitenje cha zambiya. Tsiku limenelo anyamata a mwini watsopano anaima pageti ndi zibonga n'kunena kuti chilichonse chopuma pa nthakayo n'cha nthakayo, kupatula anthu. Anthuwo atuluke. Pitala, mwamuna wake, anasenza chitseko ndi matiresi. Anafika nazo m'tauni, anakhosomola chaka chimodzi, n'kumwalira. Chenai, mwana wawo, anawoloka kupita ku Botswana ndipo ankamveka mwa apo ndi apo. Chinatsala m'manja mwa Enesi ndi nkhuku basi. Mazira ake ndiwo ankasinthanitsa ndi ufa, sopo ndi mchere, ndiwonso ankatseka pakamwa pa a Obadiya, eni nyumba, mwezi ukatha.

Ndiye anthu anayamba kuziyang'ana cham'mbali nkhukuzo.

"Mai Chenai, tatiuzani," anatero Loyce ali pamzere wotunga madzi. Loyce ankagulitsa nsomba, ndipo pakamwa pake panali pakuthwa kuposa mpeni wake wopalira mamba. "Zanga khumi ndi imodzi zapita. Zanuzo mumazimwetsa chiyani?"

"Madzi."

"Madzi a kuti?"

"Omwewa mukuwadikirawa. Kapena mukufuna zife kuti mtima wanu ukhale pansi?"

"Ine ndangofunsa."

"Mwafunsa ngati wapolisi."

Azimayi enawo sanaseke. Chimenecho n'chimene chinamuopsa Enesi. Akanaseka bwenzi nkhani itathera pa mjigo pomwepo.

Lachiwiri lotsatira kunabwera mtsikana wovala jinzi, chikwama kumsana. Anaima patali pang'ono n'kuti, "Tisvikewo," kenako anadzikonza, "Odi, ambuya."

Enesi sanayang'ane nkhope. Anayang'ana cholembera chimene chinali m'thumba la malaya. Anthu omaliza kubwera kwa iye ndi cholembera anafika pa komboni akumwetulira, ati tikulemba mayina a olandira chimanga. Patatha masabata awiri pepala lomwelo linawerengedwa pageti, ndipo aliyense womva dzina lake anatuluka ndi katundu pamutu.

"Ndine Rabeka, mwana wa a Useni a ku Rimuka, ku Kadoma," anatero mtsikanayo. Chichewa chake chinali chokoka, cha munthu amene amachimva kwa makolo koma n'kumayankha m'Chishona. "Ndimaphunzira ku yunivesite. Ndamva kwa amayi a kutchalitchi kuti huku dzenyu, kuti nkhuku zanu sizinafe."

"Wakutuma ndani?"

"Palibe, ambuya. Ndi za sukulu."

"Sukulu imadya nkhuku?"

"Sindikufuna nkhuku. Ndikufuna kadontho kamodzi ka magazi ka iliyonse, pa kapepala aka."

Magazi! Munthu kudzuka m'mawa, kusamba, kukwera kombi, kudzapempha magazi pakhomo pa mayi wamasiye, osachita n'komwe manyazi. Enesi anakhala pa chidebe n'kupinda manja.

"Fotokoza. Ndinalekera sitandade faifi, koma sindine chitsiru."

Rabeka ananjuta pansi. "Pa pulazi paja, moto ukabuka kumunda, ankatani?"

"Ankamenya njanji yopachika pa mtengo. Aliyense ankathamanga ndi nthambi zaziwisi."

"M'thupi mulinso zotero. Matenda akalowa, muli timithenga timene timamenya njanji kuitana asilikali a m'thupi. Timithengato n'tambiri. Tina timayatsa thupi kuti litenthe, tina timauza anzawo kuti tsekani zitseko, mdani walowa. Malangizo opangira timithengato amapezeka m'magazi, ndipo amachokera kwa makolo. Nsomba ili nawo, chule ali nawo, nkhuku, mbuzi, inu ndi ine. Chilichonse chokhala ndi fupa la msana. Kalekale malangizowo anali ochepa. Kenako anachulukana n'kugawikana mabanja mabanja, lililonse ndi ntchito yake, ndipo mtundu uliwonse wa nyama unawasintha pang'ono. Ntchito yanga n'kuwawerenga n'kuwaika m'mabanja awo. Ndikufuna ndione ngati njanji ya nkhuku zanu imalira mosiyana ndi ya zimene zinafa."

"Kuika m'mabanja," anabwereza Enesi.

Ntchito imeneyo ankaidziwa. Chitupa chake chinali ndi chilembo chimene chinamuika m'banja la alendo, chonsecho mchombo wake unakwiriridwa pa pulazi, mtunda woyenda wapansi kuchokera pa Chegutu, ndipo Malawi sanamuonepo ndi diso. Pogawa minda anamuuza kuti anthu opanda mutupo, chiwongo cha Chishona, adikire. Akudikirabe.

"Tsono magaziwo amanena kumene chinthu chinachokera?"

"Amanena mtundu wake ndi abale ake."

Basi, zinamveka. Pepala lidzati nkhukuzi n'za pa pulazi, galimoto ibwere kudzazitenga. Kapena lidzati zili ndi matenda, mpeni ubwere. Uku n'kuluza, uko n'kuluza. Koma mutu wa Loyce unali utatulukira kale pamwamba pa mpanda, ndipo kukana pamaso pa Loyce kunali ngati kuvomera kuti m'kholamo muli chobisa.

"Nkhuku zanga sizigwiridwa ndi mlendo," anatero Enesi mokweza, kuti mpanda umve. "Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndinagwira ntchito m'makola a mzungu. Mtsempha wa kunsi kwa phiko ndimaudziwa kuposa iwe. Siya timapepala takoto, ubwere Lachisanu."

Rabeka anazengereza, koma anali atayenda kale makomo ambiri ndipo ena anamuthamangitsa ndi tsache. Anatulutsa timapepala tinayi tolimba, kalikonse kali ndi nambala ndi kamzere kozungulira, ndi masingano anayi okutira. Singano imodzi nkhuku imodzi, kadontho kagwere m'kati mwa kamzere, kaume pamthunzi. Enesi anangoti mm.

Lachitatu m'mawa anatenga mazira awiri kupita kwa Loyce n'kusankha mlamba umene unali ukuphiriphithabe m'beseni. Anafika nawo kuseri kwa kachipinda, anaucheka chakumchira, n'kufinyira pa kapepala koyamba. Lachinayi anapita kuseri kwa msika kumene Jobu ankapha mbuzi, n'kupempha magazi odzaza chivindikiro cha botolo. Kachiwiri kanatha.

Kachitatu sikanamuvute maganizo. A Obadiya anali ndi abakha awiri amene mlamu wawo anabwera nawo kuchokera ku Ngezi mwezi wa Julaye. Abakhawo ankayenda mwachifumu mzere wonse, kukasamba ku ngalande, pobwerera n'kudzanyera pakhomo pa Enesi. Anali atafuna kalekale chifukwa chowagwirira. A Obadiya atapita kukaima pamzere wa shuga, anam'tsekereza mmodzi pakona, anamupana ndi mawondo, anatambasula phiko n'kubaya. Bakhayo anachoka akutukwana.

Kanatsala kamodzi. Anayang'ana uku ndi uku. Makoswe sagwirika masana, galu wa pakhomo lina amaluma. Anapukuta chala chake cha mkombaphala, analuma mano, n'kudzibaya.

"Magazi ndi magazi," anatero akufinya. "Onse ndi ofiira. Akaone ngati sukulu yakeyo ingawalekanitse."

Sanaone kuti pa mpanda, pamene lata linabooka ndi dzimbiri, panali diso. Dzulo lakenso linalipo.

Lachisanu Rabeka anabwera, anatenga timapepalato, anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Anaona kansanza komangidwa pa chala.

"Mwatani, ambuya?"

"Waya wa khola."

"Ndikapeza kanthu ndidzabwera kudzakuuzani."

"Usadzivute."

Panapita masabata atatu. Loyce anasunga zimene anaona, poti nayenso ankaopa. Koma mchemwali wake atamupatsa anapiye asanu oti ayambirenso, anapiyewo n'kufa onse pa masiku anayi, Loyce anamasula pakamwa. Pofika Lamlungu nkhani inali itazungulira mzere wonse n'kubwerera itanenepa. Ena ankati anaona chule. Ena ankati anamva dzina lawo likutchulidwa.

Lolemba a Obadiya anabwera kuseri. Anali mkulu wa mpingo, wopuma ntchito ku fakitale ya nsalu, munthu womanga batani la pakhosi ngakhale kutenthe bwanji. Sanakhale pansi.

"Mai Chenai, ine roja, munthu wa lendi, sindimulondalonda. Koma anthu akuti mwaoneka mukudontheza magazi a nsomba ndi a chala chanu papepala, mukuyankhula nokha."

"Ndimayankhula ndekha chimwalirire a Pitala. Ndiziyankhula ndi ndani, abakha anu?"

"Ine sindikuti ndinu mfiti."

"Mwangonena kumene."

"Ndikuti anthu asiya kudutsa pakhomo panga. Akazi anga dzulo anakhala okha pa benchi kutchalitchi. Loweruka m'mawa nkhukuzo ziphedwe, anthu aone ndi maso. Nyama mudya nokha, sitikulandani."

"Ndikadya, mawa lake ndidya chiyani? Nthenga?"

"Loweruka, Mai Chenai."

Enesi anawayang'ana akupita, msana wowongoka ngati ameza mpini. Akanatha kuwauza zoona, koma zoona zake zinali zopusa moti palibe akanazikhulupirira. Ndani angavomere kuti munthu wamkulu anathamangitsana ndi bakha pofuna kupusitsa mwana wa sukulu? Munthu mmodzi yekha akanatha kuchitira umboni kuti timapepalato tinali ta sukulu osati ta kumanda, ndipo munthuyo ndi yemwe anamunamizayo.

Lachinayi anamanga khola ndi waya, anauza nkhuku kuti zisapusitsidwe ndi aliyense, n'kupita ku msewu waukulu. Makombi kunalibe, mafuta atasowa. Anakwera kumbuyo kwa lole ya thonje n'kufika ku Kadoma ali mbuu ngati wagwera mu ufa. Ku Rimuka anafunsa makomo atatu za a Useni a ku fakitale ya nsalu, ndipo anawapeza pakhonde akusoka neti ya udzudzu, mdala woonda wa magalasi omanga ndi ulusi.

"Rabeka wapita ku Harare, abwera mawa," anatero atapatsana moni. "Ndinu a ku Chegutu, a nkhuku zija?"

"Mwadziwa bwanji?"

"Mwana amakusimbani. Akuti muli ndi maso ngati a kapitawo." Anaseka, kenako anasiya. "Koma sakudya, mayi. Ngakhale sadza ya dzulo yabwerera m'mbale. Timapepala tonse anatumiza ku Joni pa basi, kwa aphunzitsi ake, poti kuno magetsi amabwera ngati mlendo. Mayankho afika. A makomo ena onse ali bwino, koma anayi asokonekera. Aphunzitsi amukalipira, ati wagwira ntchito mwauve, wasakaniza zinthu. Masiku atatu wakhala akufufuza pamene analakwa. Talowani muone."

Pa khoma, kuseri kwa kalendala yakale, panajambulidwa mtengo wogona chammbali. Tsinde limodzi, nthambi zikugawikana, kumapeto kwake timayina tating'ono.

"Ine za iye sindizimva zonse," anatero a Useni. "Koma ndinaluka nsalu zaka makumi atatu. Ulusi umodzi ukalowa polakwika ndinkauona ndili chapatali. Nayenso ndi chimodzimodzi. Akuti chinthu chikaikidwa pa mtengowu chimathamangira chokha kwa abale ake, sungachikakamize." Anavula magalasi n'kuyang'ana manja a Enesi. "Kaya mwina inu mukudziwapo kanthu?"

Manyazi anamugwira Enesi, koma nthawi yomweyo anasanduka ukali, monga mwa masiku onse.

"Ine ndabwera kudzafunsidwa mafunso? Mumuuze Loweruka m'mawa. Akachedwa apeza nthenga."

Madzi amene anamupatsa anamwa ataimirira. Pa lole yobwerera anakwiyira aliyense: mtsikana, makina a ku Joni, mdala wa magalasi, ndi Pitala amene anafa n'kumusiya kuti aziganiza yekha.

Loweruka a Obadiya anatereka madzi m'chitini chachikulu panja, mpeni anaunola pa sitepe. Anthu anabwera ngati kuli chinkhoswe. Loyce anali patsogolo, Jobu wa mbuzi anaima kumbuyo ndi apuloni yake, ena anakwera pa njerwa kuti aone bwino. Enesi anaima pa chitseko cha khola, manja m'chiuno.

"Woyamba kugwira waya uyu asankhiretu dzanja limene sakulifuna," anatero.

"Mai Chenai, tisavutane," anatero a Obadiya.

Madzi anayamba kuimba m'chitini. Enesi ankayang'ana kumsewu mobera. Palibe. Mwina mdala uja sananene. Mwina mtsikanayo ananena kuti zife, zimuphunzitse. Akanakhala iye akanatero.

Kenako anthu anapatuka. Rabeka analowa thukuta lili kamukamu, fumbi mpaka m'mawondo. Sanati tisvikewo, sanati odi.

"Ambuya, masiku atatu ndakhala ndikudziyesa chitsiru."

"Ndiye wasiya liti?"

"Dzulo, bambo atandiuza kuti munabwera koma madzi munamwa choimirira." Anatembenukira kwa anthu. "Timapepala timene mukunenato ndi tanga. Ndinawasiyira kuti adonthezepo magazi a nkhuku zawo. Taonani zimene anandipatsa."

Anavundikira beseni pansi n'kutambasulapo pepala la mtengo uja. Anthu anaunjikana.

"Tsinde ili ndi kholo lakalekale la zamoyo zonse za fupa la msana. Ife timawerenga malangizo a kamthenga kamodzi ka chitetezo cha m'thupi. Amene afanana kwambiri amakhala nthambi imodzi, amene anasiyana kale amakhala patali. Nkhuku zonse zimene ndinatenga m'Chegutu ndi m'Kadoma zagwera apa, mulu umodzi. Za Mai Chenai zokha zabalalika mtengo wonse. Kapepala koyamba kathawira kuno kumunsi, kunthambi ya nsomba. Nsomba yake yopanda mamba. Mlamba."

"Maiwe!" anakuwa Loyce. "Mlamba wanga uja!"

"Wanu?" anatero Enesi. "Munalandira mazira awiri, wina wa mapasa."

"Kachiwiri kali uku, kwa nyama zoyamwitsa. Mbuzi."

Jobu anamenya apuloni yake. "Ndimadabwa ine! Munthu kupempha magazi a pa chivindikiro, nyama osaiyang'ana n'komwe!"

"Kachinayi kali nthambi yomweyo, pambali pang'ono. Munthu. Pamenepo aphunzitsi anati ndine ndinadzicheka. Ine ndinakumbukira kansanza ka pa chala." Rabeka anayang'ana Enesi. "Waya wa khola, eti?"

Enesi anayang'ana kumwamba ngati kukubwera mvula.

"Kachitatu ndiko kanandizunguza. Kanakhala pa nthambi ya mbalame, pafupi kwambiri ndi nkhuku, koma pa kanthambi kakekake. Ndinabwereza kawiri. Bakha."

Anthu anayang'anana. Mzere wonsewo abakha anali a munthu mmodzi.

"Bakha wa ndani?" anafunsa a Obadiya, mawu atachepa.

"Wanu," anatero Enesi. "Amandinyera pakhomo m'mawa ndi madzulo. Kadontho kamodzi si nkhani." Anatembenukira kwa anthu onse, ndipo mawu anatuluka okha. "Mukufuna kumva? Imvani. Pepala lomaliza limene ndinalola linanditengera nyumba, munda wa mbatata ndi mwamuna. Ndinati ili lisanditengerenso nkhuku. Ndinamunamiza mwanayu. Ufiti wanga ndi umenewo, wonse, palibe wotsala m'thumba. Mfiti yanji yothamangitsana ndi bakha masana, n'kugwidwa ndi kamwana kovala jinzi?"

Mayi wina kumbuyo anayamba, kenako wina, kenako azimayi onse a pa mjigo anaseka mpaka kugwirana mapewa. Enesi nkhope sanaimasule.

Loyce yekha sanaseke. "Chabwino. Nanga zake sizinafe chifukwa chiyani? Zanga zinalakwa chiyani?"

"Sindikudziwa, mai," anatero Rabeka. "Magazi a nkhukuzi sindinawaonebe. Mwina zinadwalapo kale n'kuchira, thupi likukumbukira mdaniyo. Mwina malangizo ake ndi osiyana pang'ono. Hameno, kaya. Koma kusafa si umboni woti ndizo zinabweretsa matenda. Abakhawa nawonso sanafe. Ndipotu abakha amatha kunyamula chitopa iwo osadwala, n'kumachisiya m'zitosi ndi m'madzi."

Ananena mosaganiza, ngati akuyankha mayeso. Atakweza mutu anapeza maso onse achoka pa khola.

"Anabwera liti abakhawa, a Obadiya?" anafunsa Loyce pang'onopang'ono.

"Aaa, ndi kale."

"Julaye," anatero Enesi. "Kumapeto."

"Ndipo amasamba m'ngalande kuseri kwa khola langa," anatero Loyce. "Tsiku lililonse."

"Sindinati ndi iwo!" anakuwa Rabeka. "Ndati amatha. Popanda kuyeza sitinganene!"

Palibe anamumva. Anthu amene anabwera kudzaona mfiti sakanabwerera chimanjamanja, ndipo tsopano ankayang'ana batani la pakhosi la a Obadiya. Enesi anawasiya a Obadiya atuluke thukuta pang'ono. Kenako analoza chitini.

"Madzi awira, mpeni wanoledwa. Yambani ndi anu, a Obadiya, zanga zitsatira. Nyama mudya nokha, sitikulandani."

A Obadiya anayang'ana mpeni umene unali m'manja mwawo ngati wina wangowagwiritsa. Anatsokomola.

"Abale, tisapupulume. Mwanayu wanena poyera kuti sakudziwa. Tidikire ayeze zonse bwinobwino. Lero pano sipaphedwa kanthu."

"Lero lokha?" anafunsa Enesi.

"Sipaphedwa kanthu, Mai Chenai."

Anaphula chitini okha, ndipo akazi awo anachapira zovala madziwo. Abakha anatsekeredwa m'bafa tsiku lomwelo, akudandaula. Anthu anabalalika akukangana, ena akuti ndi abakha, ena akuti pepala lingathenso kulodzedwa.

Pakhomo patatsala awiri, Rabeka anatulutsa timapepala tina tinayi ndi masingano atsopano.

"Ulendo uno ndibaya ndine. Inu gwirani."

"Ukaipweteka ndikubaya ndi yomweyo."

Enesi anatulutsa yofiira, anaigoneka pa miyendo, anatambasula phiko n'kuthothola tinthenga tiwiri kuti mtsempha uoneke. Mtsikanayo anali ndi dzanja labwino, zimenezo anaziona koma sanazinene.

"Dzina langa usalembepo. Lemba Yofiira, Yamawanga, Kadzidzi ndi Kapitawo."

"Ndilemba manambala."

"Ndipo likadzati n'za pa pulazi?"

"Silidziwa pulazi, ambuya. Lidziwa nkhuku."

Enesi anabwezera Yofiira m'khola n'kutulutsa Yamawanga. Kenako anafunsa, maso ali pa phiko.

"Nanga kaja ka chala changa kanalemba chiyani?"

"Munthu."

"Wa kuti?"

"Sikanena. Pamene timawerengapo ife, wa ku Malawi ndi wa kuno sasiyana."

"Chilembo chija cha pa chitupa palibe?"

"Palibe. Taonani, muli apa."

Enesi anaweramira pepalalo, anatsata nthambi ndi chala chobayidwa chija mpaka kumapeto, n'kuwerenga movutikira dzina loyandikana nalo.

"Pafupi ndi mbuzi ya Jobu. Aboma anandiika kwa alendo, iwe wandiika kwa mbuzi."

"Inenso ndili pomwepo. Ndi a Obadiya."

"Iwowo n'zoona."

Mutu wa Loyce unatulukira pamwamba pa mpanda. Anayang'ana pansi, anayang'ana kumbali, kenako anati, "Mai Chenai, Yofiirayo ikadzaswa, mundiganizireko anapiye awiri. Ndidzabweretsa mlamba."

Enesi anagwiritsitsa phiko la Kapitawo. Anali akuwerenga madontho, kuti mtsikanayo asatenge oposa amene anapempha. Anayi. Anabwezera Kapitawo m'khola, anatseka chitseko, anamanga waya. Anaima pang'ono akuyang'ana bowo lija la pa mpanda, kenako anakatenga waya wina n'kumanganso kachiwiri.